Nyanja ya Arctic yatsegukira zombo, yatsekera eni dera

M'mwezi wa Meyi chaka cha 1845, zombo ziwiri za dziko la Britain, Erebus ndi Terror, zidanyamuka motsogozedwa ndi Sir John Franklin kukafunafuna njira yodutsa pakati pa zilumba za kumpoto kwa Canada, yoti amalinyero azichoka ku nyanja ya Atlantic ndi kukatulukira ku nyanja ya Pacific. Mwa anthu 129 amene adalowa m'madzi amenewo, palibe ndi mmodzi yemwe amene adabwerera kwawo. Madzi oundana adazipana zombozo ngati mbewa pa diwa, ndipo anthuwo adatha ndi njala, matenda ndi kuzizira akuyesa kuyenda pansi kulowera kummwera. Munthu woyamba kuidutsa njira yonseyi pa chombo, Roald Amundsen wa ku Norway, adatenga zaka zitatu, kuyambira 1903 mpaka 1906.

M'chaka cha 2016, sitima ya alendo okaona malo yotchedwa Crystal Serenity, itanyamula anthu oposa 1,500 kuphatikizapo ogwira ntchito, idachoka ku Alaska ndi kukafika ku New York kudzera njira yomweyo m'masiku 32, alendowo akudyera pa matebulo oyalidwa nsalu. Zombo zamakono n'zolimba, inde, ndipo zili ndi makina osonyeza njira amene Franklin sadawalotepo. Komabe chachikulu chimene chasintha m'zaka zimenezi ndi nyanjayo.

Dera la Arctic ndi nsonga ya kumpoto ya dziko lathu lapansi. Pakati pake pali nyanja imene pamwamba pake pamauma ndi kuzizira, n'kukhala mwala wa madzi woti munthu, galu ngakhale galimoto n'kuyendapo. Madzi oundanawa amakula m'nyengo yozizira, nafika pachimake mu Malichi, kenako amasungunuka m'nyengo yotentha ya kumeneko mpaka Sepitembala pamene amachepetsetsa. Kuyambira 1979 akatswiri a sayansi akhala akuwayeza tsiku ndi tsiku ndi makina a setilaiti. M'zaka za m'ma 1980, madzi oundana otsala mu Sepitembala ankaphimba malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 7 miliyoni. Mu Sepitembala 2012 adatsala masikweya kilomita 3.4 miliyoni okha. Malo amene adasanduka nyanja yoyera poyerekeza zaka ziwirizi angalowemo maiko pafupifupi 30 a kukula kwa Malawi. Zaka zina madziwa amachuluka pang'ono, zaka zina amachepa, koma kuyambira 2007, chaka chimene bungwe la za m'mlengalenga la ku Ulaya lidalengeza kuti njira ya Franklin ija yatseguka, sadabwererenso pa mlingo wakale. Mu Malichi 2025, ngakhale pachimake pa nyengo yozizira, adali ochepa kuposa zaka zonse za m'mbuyo chiyambire kuyeza.

Chifukwa chimene dera limeneli likutenthera msanga n'chosavuta kumva kwa aliyense amene adavalapo malaya akuda m'mwezi wa Okutobala. Madzi oundana ndi oyera, choncho amabweza kumwamba gawo lalikulu la kuwala kwa dzuwa. Akasungunuka pamatsala madzi akuda bii a m'nyanja, amene amameza pafupifupi kutentha konse kofika pa iwo. Madzi akafunda amasungunula madzi oundana ena, malo akuda n'kuonjezereka, kutenthanso n'kuonjezereka. Kafukufuku wina amene adatuluka mu 2022 adapeza kuti kuyambira 1979 dera la Arctic latentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse lapansi. Chimene chidayatsa moto umenewu ndi mpweya wa carbon dioxide wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi zimene anthu akhala akuotcha kwa zaka zoposa 200. Bungwe la akatswiri a zanyengo la United Nations, IPCC, lidanena mu 2021 kuti chisanafike chaka cha 2050 tiyembekezere Sepitembala mmodzi kapena angapo amene nyanja ya Arctic idzakhala pafupifupi yopanda madzi oundana.

Njira zimene zikutseguka n'ziwiri. Ya ku Canada ija n'njokhotakhota, yodutsa m'mipata yosaya ya pakati pa zilumba. Ina ikutsata gombe la kumpoto kwa Russia, ndipo ndiyo imene amalonda aikapo maso. Sitima yochoka ku Rotterdam kupita ku Yokohama kudzera ngalande ya Suez imayenda makilomita pafupifupi 20,000; ikadzera kumpoto kwa Russia ulendowo sufika makilomita 14,000. Pamene sitima ya Ever Given idatseka ngalande ya Suez kwa masiku asanu ndi limodzi mu Malichi 2021, ndiponso pamene zigawenga za ku Yemen zidayamba kuombera zombo pa Nyanja Yofiira kumapeto kwa 2023, mpaka zombo zambiri kumazungulira ku Cape monga m'masiku a Vasco da Gama, mawu otama njira ya kumpoto adamveka kwambiri, makamaka kuchokera ku Moscow.

Funso loyenera kufunsa apa ndi lakuti: kodi zombo zimene zikudutsa m'madzi atsopanowa zanyamula chiyani? Sitima yaikulu yoyamba ya katundu kudutsa njira ya ku Canada pa malonda, Nordic Orion, mu 2013, idanyamula malasha ochokera ku Vancouver kupita ku Finland. Mu 2017 sitima ina idachoka ku Norway ndi kukafika ku South Korea m'masiku 19 popanda kuperekezedwa ndi sitima yophwanya madzi oundana, ndipo katundu wake adali gasi. Dzina lakenso, Christophe de Margerie, ndi la malemu mkulu wa kampani ya mafuta ya Total. Chakumapeto kwa chaka chomwecho doko la Sabetta, pa ndomo ya Yamal ku Siberia, lidayamba kutumiza gasi kunja. Gawo lalikulu la katundu woyenda pa njira ya ku Russia mpaka lero ndi gasi ndi mafuta okumbidwa m'dera lomwelo. Mu 2008 bungwe la boma la America loona za miyala ndi nthaka lidayerekeza kuti pansi pa Arctic pali gawo la 13 pa 100 la mafuta ndi gawo la 30 pa 100 la gasi zimene anthu sanazitulukirebe pa dziko lonse.

Tiione bwino nkhaniyi. Kuotcha mafuta ndi gasi kwasungunula madzi oundana. Kusungunukako kwatsegula njira yokafikira mafuta ndi gasi zina, zimene zidzaotchedwe ndi kusungunula madzi oundana otsalawo. Zili ngati munthu amene nyumba yake yagwira moto, iye n'kumakondwa kuti motowo wagwetsa khoma ndipo tsopano atha kufikira msanga chigubu cha palafini chimene chinali kuchipinda. Akatswiri a zachuma amakutcha kumeneku mwayi. M'chiphunzitso cha Eklezia, phindu lochokera ku choipa chimene munthu akupitiriza kuchita mwadala silisintha choipacho kukhala chabwino, ndipo limaika munthuyo pa chiyeso chosafunanso kuti choipacho chithe. Dziko limene laika ndalama zankhaninkhani m'madoko ndi m'zombo za ku Arctic lidzakhala bwanji pa misonkhano ya zanyengo ndi mtima wofunadi kuti madzi oundana abwerere?

Komanso njirazi sizidatseguke monga amazitamira. Mu 2018 Pulezidenti Vladimir Putin adalamula kuti pofika 2024 katundu wodutsa kumpoto kwa Russia afike matani 80 miliyoni pa chaka. Chaka chimenecho chitafika, katunduyo sadakwane ngakhale theka lake. Ngalande ya Suez, isadasokonezeke ndi nkhondo, inkadutsitsa matani oposa 1 biliyoni pa chaka. Ku Canada, akatswiri amene adafufuza zaka za pakati pa 2007 ndi 2021 adapeza kuti m'malo ena nyengo yoyendetsa zombo idafupika m'malo motalika, chifukwa zibuma zakale, zochindikala, zimene kale zidamangika kumpoto kwenikweni, tsopano zamasuka ndipo zimatengedwa ndi madzi n'kudzatseka mipata yopapatiza. Mbali yaikulu ya nyanjayi ilibe mapu odalirika osonyeza kuya kwake. Mu 2010 sitima ya alendo ya Clipper Adventurer idatsakamira pa thanthwe ku Coronation Gulf, ndipo mu 2018 ina, Akademik Ioffe, idatsakamira pafupi ndi mudzi wa Kugaaruk. Eni mabwato ang'onoang'ono oyendera mphepo, amene chiyambire ulendo wa Willy de Roos mu 1977 akhala akuchulukirachulukira, ena amadutsa bwino, ena amabwerera panjira, ndipo mu 2018 bwato lina lidaphwanyidwa ndi madzi oundana n'kumira pafupi ndi Bellot Strait, eni ake n'kuchita kupulumutsidwa. Ngozi ikagwa kumeneko, chithandizo chimachokera kutali kwambiri, ndipo amene amayamba kuthamanga ndi anthu a m'midzi yaing'ono ya m'gombe. Nanga mafuta atatayika? Amene adatayika mu 1989 ku Alaska kuchokera m'sitima ya Exxon Valdez adagwera m'madzi osaundana, pafupi ndi doko, koma ena adapezekabe pansi pa miyala ya m'gombe patapita zaka zoposa 20. Njira yodalirika yoolera mafuta olowa pansi pa madzi oundana, m'dera limene kumada miyezi yathunthu, palibe amene adaionetsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tafika tsono pa anthu amene nkhani za malonda siziwatchula kawirikawiri. Dera la Arctic lili ndi eni ake. A Inuit, amene alipo pafupifupi 180,000 ku Alaska, Canada, Greenland ndi kum'mawa kwenikweni kwa Russia, akhala kumeneko zaka mazanamazana. Kwa mmalinyero madzi oundana ndi chipupa chotsekereza ulendo. Kwa mlenje wa chi Inuit ndi msewu, ndi mlatho wopitira ku mudzi wa achibale, ndi malo osakirako chakudya. Chigawo cha Nunavut ku Canada chilibe msewu ngakhale umodzi wolumikiza midzi yake. Munthu amakwera ndege, bwato m'miyezi yochepa yotentha, kapena amayenda pamwamba pa nyanja youma pa chileyi chokokedwa ndi agalu kapena pa njinga yamoto yoyenda pa chisanu. Pa madzi oundana pomwepo ndi pamene amadikirira nyama ya m'madzi yotchedwa seal ikatulukira kudzapuma, ndipo m'mphepete mwake ndi momwe amasakira anamgumi. M'sitolo za kumeneko chakudya chimabwera pa ndege kapena pa sitima kamodzi pa chaka, mitengo yake n'njoboola m'thumba, kotero kuti banja limene mlenje wake walephera kupita ku nyanja limagona ndi njala.

Tsopano nyanja imachedwa kuuma ndipo imafulumira kusungunuka. Malo amene makolo ankadziwa kuti ndi olimba m'mwezi wakutiwakuti, lero amathyoka munthu ali pamwamba. Nzeru zimene gogo ankapatsira mdzukulu wake, zowerenga mtundu wa madzi oundana ndi mphepo, zayamba kunama, osati chifukwa gogoyo adalakwa, koma chifukwa dziko limene ankalidziwa lasuntha. Alimi athu amene kale ankadzala pa mvula ya chizimalupsa ikapita ndi kudziwa tsiku la mvula yeniyeni, koma lero amadzala kawiri kapena katatu, adziwa chimene tikunena. Sitima yophwanya madzi oundana ikadutsa, imasiya mng'alu wa madzi pakati pa msewu wa anthu, ndipo mlenje amene adaoloka m'mawa angapeze madzulo kuti njira yobwerera kwawo yaduka. Nyama za mtundu wa mphalapala zotchedwa caribou, zimene chaka ndi chaka zimaoloka pa nyanja youma pakati pa chilumba cha Victoria ndi mtunda waukulu wa Canada, zimamira zikapeza madziwo asanalimbe. Ku Alaska, mudzi wa Shishmaref unkatetezedwa ndi madzi oundana ku mafunde a namondwe. Popeza tsopano amachedwa kuuma, mafunde akudya gombe ndi kugwetsa nyumba, ndipo mu 2016 anthu a m'mudziwo adaponya voti yoti asamuke pa malo a makolo awo.

Anthu amenewa adayamba kale kulankhula. Mu 2005 mayi Sheila Watt-Cloutier, mtsogoleri wa a Inuit, adakapereka dandaulo ku bungwe loona za ufulu wa anthu la maiko a ku America, kunena kuti mpweya wotuluka m'dziko la United States ukuphwanya ufulu wa anthu ake. Dandaulolo silidamvedwe. Kusamvedwa kumeneku kuli ndi mbiri yake. Mu 1854 John Rae adabweretsa ku London umboni wa a Inuit wofotokoza mmene anthu a Franklin adafera, ndipo anthu otchuka, kuphatikizapo mlembi Charles Dickens, adaunyoza ngati nkhambakamwa za anthu osaphunzira. Chombo cha Erebus chidapezeka mu 2014 m'dera limene mbiri ya pakamwa ya a Inuit inkaloza, ndipo cha Terror chidapezeka mu 2016 mlenje wina wa kumeneko atasonyeza malo. Amundsen adapambana pamene Franklin adalephera chifukwa, mwa zina, adakhala nyengo ziwiri zozizira pakati pa a Inuit, naphunzira kuvala zikopa ndi kuyendetsa agalu monga iwo. Nthawi zina mawu awo amamveka ndithu: mu Novembala 2022 boma la Canada lidakana kuti mgodi wa chitsulo wa Mary River, pa chilumba cha Baffin, ukulitsidwe, alenje a ku Pond Inlet atadandaula kuti kuchuluka kwa zombo kukuthamangitsa anamgumi a mtundu wa narwhal. Sikuti a Inuit onse amakana zombo ndi migodi. Achinyamata awo akufuna ntchito monga athu. Chimene akupempha n'chakuti azikhala nawo pa bwalo pamene nkhani ya nyanja yawo ikugamulidwa.

Ena mwa anthu amenewa ndi akhristu anzathu a Mpingo wa Katolika. Ansembe a chipani cha Oblates of Mary Immaculate adatsegula mishoni ku Chesterfield Inlet mu 1912, ndipo lero kuli dayosizi ya Churchill-Hudson Bay. Mbiri ya Mpingo kumeneko ili ndi mabala ake, ndipo pa 29 Julayi 2022 malemu Papa Francisco adafika ku Iqaluit kukapepesa chifukwa cha nkhanza zimene ana a eni dziko adaziona m'sukulu zogonera komweko zoyendetsedwa ndi Akatolika. Mpingo umene udapepesa chifukwa chosalemekeza chilankhulo ndi miyambo ya anthuwa sungakhale chete pamene nthaka yeniyeni ya miyamboyo ikusungunuka.

Pamene eni dera akudandaula, maiko amphamvu akukangana za umwini. Canada imati njira ya pakati pa zilumba zake ndi madzi ake. United States imati ndi njira ya maiko onse, ndipo mkangano umenewu udabuka poyera mu 1969 pamene sitima ya mafuta ya Manhattan idadutsamo. Mu Ogasiti 2007 anthu a ku Russia adatsikira pansi pa nyanja pa North Pole n'kudzika mbendera ya dziko lawo. Mu 2018 China, dziko limene lilibe gombe ku Arctic, lidadzitcha loyandikana ndi Arctic. Mu 2019, ndiponso mu 2025, Pulezidenti Donald Trump adanena poyera kuti akufuna Greenland. Bungwe la Arctic Council, limene lidakhazikitsidwa mu 1996 ndipo lidapatsa mipando mabungwe a eni dera, lidafooka kwambiri mu 2022 Russia italowa ndi nkhondo m'dziko la Ukraine. Ife a mu Africa, amene maiko athu adagawidwa pa tebulo ku Berlin mu 1884 ndi 1885 popanda mfumu yathu ndi imodzi yomwe, kalankhulidwe kameneka tikukadziwa.

Wina angafunse kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife okhala kutali, m'dziko lopanda nyanja ya mchere. Madzi oundana oyandama pa nyanja akasungunuka sakweza nyanja kwenikweni, monga momwe ayezi wosungunukira m'kapu sasefukiritsa madzi. Koma kutentha komweko kukusungunulanso madzi oundana a pamtunda ku Greenland, amene atatha onse nyanja zingakwere mamita pafupifupi 7, ndipo katundu wathu wambiri amadzera ku Beira, mzinda wa m'chigwa umene namondwe wa Idai adausakaza mu Malichi 2019. Mpweya umene wasungunula Arctic ndi womwewo umene ukufunditsa nyanja ya Indian Ocean. Akatswiri amene adafufuza anamondwe a Ana ndi Batsirai a mu 2022 adapeza kuti kusintha kwa nyengo kudaonjezera mvula imene idagwa ku Madagascar, Mozambique ndi Malawi, ndipo chaka chotsatira Freddy adatisiyira maliro amene sitidawaiwale. Africa yense amatulutsa gawo losakwana 4 pa 100 la mpweya wa carbon dioxide wochokera ku mafuta ndi malasha. Mlenje wa ku Pond Inlet ndi mlimi wa ku Nsanje akulipira ngongole imodzi, imene onse awiri sadakongole. Tilinso ndi liwu pa lamulo: pangano la United Nations la malamulo a pa nyanja la 1982, limene Malawi idalivomereza mu 2010, limati pansi pa nyanja kunja kwa malire a maiko ndi chuma cha anthu onse, kuphatikizapo a maiko opanda gombe. Mfundo imeneyi ikugwirizana ndi chiphunzitso chakale cha Eklezia chakuti zabwino za dziko lapansi Mulungu adazilengera anthu onse.

Papa Woyera John Paul Wachiwiri, mu uthenga wake wa Tsiku la Mtendere la 1990, adaphunzitsa kale kuti kuonongeka kwa chilengedwe ndi nkhani ya chikumbumtima. Kalata ya Laudato Si' ya 2015 idatchula kusungunuka kwa madzi oundana a kunsonga za dziko mwachindunji, ndipo Laudate Deum ya 2023 idadzudzula atsogoleri chifukwa chozengereza. Ansembe ndi asisitere amene timapemphera Mapemphero a Eklezia timaimba Lamulungu m'mawa nyimbo ya anyamata atatu ya m'buku la Danieli, imene imawerengera chisanu ndi madzi oundana pakati pa zolengedwa zotamanda Mulungu. Ambiri a ife timaiimba tisadaonepo nyanja youma, koma tikudziwa kuti cholengedwa chilichonse chili ndi ulemu wake pamaso pa Mlengi ngakhale chisanabweretse phindu kwa munthu.

Kudziletsa n'kotheka, ndipo chitsanzo chilipo m'dera lomwelo. Mu 2018 maiko asanu a m'gombe la Arctic, pamodzi ndi China, Japan, South Korea, Iceland ndi European Union, adasainirana pangano loletsa usodzi wa malonda pakatikati pa nyanja ya Arctic kufikira akatswiri atadziwa bwino nsomba zimene zilimo. Panganoli lidayamba kugwira ntchito mu 2021 ndipo litenga zaka 16. Adatseka nyanja asodzi asadafike, nzeru imene asodzi a ku chilumba cha Mbenji ku Salima akhala akuitsata kwa zaka zambiri potseka usodzi m'nyengo ya mvula. Pa nkhani ya mafuta oyendetsera zombo maiko omwewo adalephera kulimba mtima chotero. Mafuta akuda, olemera, amene sitima zambiri zimaotcha, amatulutsa mwaye umene umagwera pa madzi oundana, kuwadetsa ndi kuwasungunula msanga, ndipo akatayika m'madzi ozizira saoleka. Ku Antarctic adaletsedwa mu 2011. Ku Arctic chiletso chidayamba pa 1 Julayi 2024, koma chidasiya mipata iwiri: zombo zokhala ndi matanki otetezedwa zipitirize, ndipo maiko a m'gombe angathe kukhululukira zombo zawo m'madzi awo. Mipata imeneyi idzatsekedwa pa 1 Julayi 2029, ndipo mpaka tsikulo zombo zambiri zodutsa kumeneko zili ndi chilolezo chonyamula ndi kuotcha mafuta omwe adaletsedwawo.